Pulasitala ya central line ya mwana wanga yamatuka, ndimate ndekha?

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu sukugwira. Ndili m'chipatala ndi mwana wanga wa zaka 4, ino ndi sabata yachitatu. Anamuika central line pachifuwa, kapaipi kothirira mankhwala mumtsempha. Bambo ake anangobwera kamodzi, ati mafuta adula. Apongozi akabwera ndi phala, nkhani yawo ndi yoti mwana analodzedwa kwathu. Ine ndimagona pansi, ndiye wina wandiberanso chaja. Dzulo pomusambitsa pulasitala inanyowa, mbali imodzi yamatuka. Anesi a usiku anati tidikire. Ndimate ndekha?

Sisita Wopuma: MUSAGWIREPO! Imeneyo si kanyula ya padzanja. Kapaipiko kamathera mumtsempha waukulu pafupi ndi mtima, kachilombo kakangolowa ndiye kafika m'magazi. Pulasitala yoonekera mkati ija imakhala masiku 7, ya thonje masiku 2, koma ikanyowa kapena kumatuka amasintha pompo. Anesi a masiku ano, zikhadabo ngati za mphamba, foni osaisiya!

Bambo a Mapasa: Mafuta adula koma kumpira amapita 😂

Nesi ku Leeds: Amayi, musatinyoze tonse. Munagwirapo wodi yodzaza usiku muli nokha?

Sisita Wopuma: Ndinagwira inu musanabadwe. Masekondi 15 opukuta pakamwa pa paipi ndi sipiriti, n'kudikira paume, nawonso akusowa? Ena amavala magolovesi osasamba m'manja, kuchoka bedi ili kupita bedi ilo.

Mlongo wa ku Rosettenville: Mwanayo thupi latentha? Akumanjenjemera akamaliza kumuthira mankhwala mupaipimo? Kutenthako kukafika madigiri 38 musadikire kuti kuche, itanani adokotala.

Make Junior: Wanga chala chinatupa ndi diripu, mpaka lero palibe anapepesa. Apongozi anuwo ndi anga ngati mimba imodzi.

Nesi ku Leeds: Pitani kwa asisita oyang'anira wodi, muwaonetse. Mufunsenso ngati paipiyo ikufunikabe, chifukwa ikakhalitsa ngozi imakula. Kuno timafunsana zimenezi tsiku lililonse.

Sisita Wopuma: Kuno kuno chiyani? Sopo anachita kubwera ndi ndege? Inu mayi, aliyense wogwira paipiyo mumufunse ngati wasamba m'manja, kaya ndi dokotala. Akakwiya akwiye.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Chaja chapezeka, chinali m'chikwama cha apongozi.

Mlongo wa ku Rosettenville: Achemwali, THUPI LATENTHA KAPENA AYI?