Goloboyi wanga amaopa kutuluka pa mipira ya m'mbali: ndimuphunzitse motani?

Kochi wa ku Chawama:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa timu ya anyamata osapitirira zaka 17 kuno ku Chawama mu Lusaka, ndipo ndili ndi goloboyi amene amagwira bwino kwambiri mipira yowombedwa molunjika, koma mpira ukangochokera m'mbali kapena pa kona, mwanayo amangouma pamzere. Loweruka lapitali tinamwetsedwa zigoli ziwiri za mutu, zonse mkati mwa bokosi laling'ono lija la mamita 5.5, malo amene iyeyo amayenera kuwalamulira. Akalimba mtima n'kutuluka, amafulumira kwambiri, mpira n'kumudutsa pamwamba. Makolo ena akuti ndi wamfupi, ndimuchotse, koma mtima wanga sukuvomera. Kodi ndiyambire pati?

Goloboyi wakale wa ku Matero:
A kochi, musamuchotse mwanayo. Msinkhu umathandiza ndithu, koma zimene mwafotokozazi ndi vuto la poyimirira ndiponso la nthawi yonyamukira. Golo ndi lotambalala mamita 7.32, ndipo anyamata ambiri amakakamira pa mtengo wapafupi ndi mpira, kotero kuti mpira ukapita ku mtengo wakutali amakakamizika kubwerera chambuyo, pamene munthu alibe liwiro ngakhale mphamvu yodumphira. Mpira ukakhala kutali m'mbali, aime pakati pa golo kapena chakumtengo wakutali pang'ono, phazi limodzi kapena awiri kutsogolo kwa mzere, chifuwa chitayang'ana kubwalo kuti aziona mpira pamodzi ndi adani. Woponyayo akamayandikira bokosi, m'pamene iye asunthire ku mtengo wapafupi.

Asanyamukenso mpira usanamenyedwe. Ayambe waona kumene ukupita, kenako anyamuke mochedwerapo koma mwaliwiro, adumphe ndi mwendo umodzi atakweza bondo la mbali imene kukuchokera mdani, ndipo auwakhe pamwamba penipeni pamene manja ake angafike, osadikira kuti ufike pachifuwa. Ine ndinakonda pagolo chifukwa cha malemu Efford Chabala, goloboyi wa Mufulira Wanderers ndi timu ya dziko la Zambia, amene tinamutaya pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993, ndipo ndinasewera zaka zambiri ndili wamfupi poyerekeza ndi omwetsa zigoli ambiri amene ndinkalimbana nawo.

Kochi wa atsikana ku Kalingalinga:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Matero, koma pa zowakha ndisiyana nawo pang'ono. Si mpira uliwonse woyenera kuwakhidwa. Nthawi ya mvula mpira umaterera, ndipo mwezi wa Ogasiti mphepo ndi fumbi la m'mabwalo athu zimausokoneza uli m'malere, choncho pakakhala chigulu cha anthu ndi bwino aumenye ndi nkhonya. Nkhonya ziwiri zimaubweza kumene wachokera, pamene nkhonya imodzi imaupitiriza kumene umalowera kale, ndipo kulikonseko upite m'mwamba, kutali ndiponso cham'mbali, osati pakati pamene adani akudikira.

Cholakwa chimene ndinachita ineyo kwa nthawi yaitali chinali kuponyera goloboyi mpira ndi manja, ali yekhayekha m'bokosi. Ankawakha yonse, koma pa masewero enieni ankasokonezeka, chifukwa mpira womenyedwa ndi phazi umapinda. Yambani ndi manja kwa mphindi zochepa chabe, kenako osewera aziumenya kuchokera mbali zonse ziwiri, wa phazi lamanja ndi wa lamanzere, kuti azolowere mpira wopindira kugolo ndi wopindira kunja. Akazolowera, muikireni mnzake woima chabe patsogolo pake, kenako wodumpha naye, pomaliza oteteza kumbuyo ndi omwetsa zigoli onse. Muzisakanizamo mipira ina yakutali yoti sayenera kutulukira, chifukwa kukhala pamzere nakonso n'chisankho choyenera kuphunzira. Agwirizanenso ndi anzake mawu awiri okha, limodzi lotanthauza kuti akutuluka, linalo kuti auchotse okha, ndipo azifuula msanga.

Woyimbira wa ku Mtendere:
Ndiwonjezere za malamulo. Ana ambiri amakhulupirira kuti goloboyi sakhudzidwa m'bokosi laling'ono, koma lamulo lotero kulibe. Mdani ali ndi ufulu wolimbirana mpira, malinga asamukankhe, kumugwira kapena kumugunda mosasamala, n'chifukwa chake mwanayo azolowere kugundana. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2025, goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, adani amapatsidwa kona, choncho akawakha aziganiza msanga kumene auponye.

Kochi wa ku Chawama:
Zikomo kwambiri nonsenu. Mayi a ku Kalingalinga, mwandigwira penipeni, chifukwa inenso ndakhala ndikumuponyera ndi manja ali yekha. Lachiwiri ndidzasunga mphindi 20 zomaliza za mipira ya m'mbali yokhayokha, ndipo ndili ndi mnyamata wa phazi lamanzere amene adzamenye kuchokera kumanja kuti mpira uzipindira kugolo, popeza zigoli ziwiri zija zinalowa motero.