Funso: titenge nyumba ya pafupi ndi tiramu kapena tingogula galimoto? (Melbourne)

Anaphiri: Moni nonse a pagulu pano, pepani ndilemba motalikirapo. Ndatha milungu itatu chifikireni ku Melbourne, ndili ndi bambo a kunyumba ndi mwana mmodzi, ndipo mwezi wamawa ndikuyamba ntchito pa chipatala china ku Parkville. Tapeza nyumba ziwiri. Ina ili ku Brunswick, kuseri kwa Sydney Road, yaing'ono, lendi yake yowawa, koma tiramu nambala 19, kasitima koyenda pa njanji za mumsewu, imadutsa pafupi moti belu lake limamveka uli m'khichini. Inayo ili ku Werribee, yaikulu, ya bwalo, yotchipa, koma kumeneko tiramu kulibe, ndiye bambo akuti tigule galimoto.

Dzana ndinayesera kuyendetsa galimoto ya anzathu amene akutisunga. Tiramu inaima pakati pa msewu, zitseko n'kutseguka, ine n'kumangodutsa cha kumanzere pang'onopang'ono. Dalaivala wake analiza belu osalekeza, ndipo agogo ena amene amatsika anandiyang'ana diso limene sindidzaiwala. Ndinafika kunyumba miyendo ili zii.

Ndithandizeni abale. Munthu woyamba ntchito 7 koloko m'mawa angadalire tiramu? Nanga kalipiridwe kake n'kotani, poti ndimaona ena akugunditsa khadi, ena akungokwera? Komanso ndifunse mwaumbuli, mzinda wolemera chonchi ukusungiranji zinthuzi pakati pa msewu?

Abanda: Achemwali, thokozani Mulungu kuti simunagunde munthu. Lamulo la ku Victoria ndi loti tiramu ikaima pa siteji yopanda chitetezo, inu mumaima kumbuyo kwake mpaka zitseko zitatsekeka ndi anthu atachoka mumsewu. Mukatero mutha kudutsa, koma osapitirira makilomita 10 pa ola ngati ikadali chiimire. Chindapusa chake chilipo ndipo si chocheperako.

Musanayendetsenso m'kati mwa tawuni phunziraninso hook turn. Pa mphambano zina, mukafuna kukhotera kumanja mumayamba mwapita kumanzere kwenikweni, n'kulowa pamphambano, n'kuima cha kutsogolo. Mumadikira kuti maloboti a msewu umene mukufuna kulowawo ayake obiriwira, ndiye n'kukhota. Cholinga chake n'choti musaime pa njanji n'kutsekereza tiramu. Ine ulendo woyamba ndinachita kuzungulira maulendo atatu akumanzere pothawa zimenezi.

Anabanda: Pa za khadi ndiyankhe ine. Khadilo ndi myki, limagwira pa tiramu, basi ndi sitima yomwe. Mukakwera gunditsani. Potsika m'tiramu, pa ulendo ngati wanuwo, palibe chifukwa chogunditsanso. Mukalipira kamodzi mumayenda maola awiri, ndipo pa tsiku pali malire amene ndalama siipitirira ngakhale mukwere kakhumi.

Amene mumawaona akungokwera aja, ambiri amakhala ali mu Free Tram Zone, chigawo cha m'kati mwa tawuni chimene tiramu ndi yaulere kuyambira pa 1 January 2015. Chimayambira ku Queen Victoria Market, kutsika mpaka Flinders Street, kuchoka ku Spring Street kukafika ku Docklands. Koma tcherani khutu apa: Parkville ali kunja kwake, Brunswick ndiye osanena. Anthu atsopano ambiri amakwera ulere m'tawuni, n'kuiwala, tiramu n'kudutsa malire, kenaka oyendera matikiti n'kukwera. Saamva zoti ndine mlendo. Ndipo mukagunditsa khadi muli m'chigawo chaulerecho limadulabe ndalama, ndiye ngati simutulukamo lisiyeni m'thumba.

Agama: Anaphiri, funso lanu lomaliza lija landisangalatsa, mundilole nditambasule pang'ono, poti nthawi ndili nayo yambiri chipumireni pa ntchito.

Matiramu oyamba a chingwe kuno, a pa 11 November 1885, opita ku Richmond, analibe injini ngakhale magetsi. Pansi pa msewu pamayenda chingwe chachitsulo osaima, chokokedwa ndi makina a nthunzi amene anali m'nyumba zikuluzikulu m'mbali mwa njira. Woyendetsa amatsitsa chopanira kudzera pa kampata ka pakati pa njanji. Akagwira chingwe tiramu imayenda, akachitaya imaima. Nyumba zina za makinawo zilipobe, imodzi mukaiona ku Fitzroy, pa mphambano ya Nicholson ndi Gertrude. Ya magetsi inayesedwa koyamba mu 1889 pakati pa Box Hill ndi Doncaster, koma inafa mu 1896, ndipo magetsi anadzakhazikika kuyambira 1906. Ya chingwe yomaliza inayenda mu Bourke Street pa 26 October 1940.

Tsono nkhondo yachiwiri itatha, mizinda yambiri inaona ngati tiramu ndi chinthu chachikale. Sydney, imene inali ndi matiramu ochuluka kuposa a kuno, inatseka mu 1961. Brisbane inatseka mu 1969. Adelaide inangotsala ndi njira imodzi ya ku Glenelg. Kuno kunali munthu wouma mutu, Robert Risson, amene anatsogolera bungwe la matiramu kuyambira 1949 mpaka 1970. Iyeyu sanangokana kuzula njanji, anachita kubwezeretsa matiramu mu Bourke Street mmene munali mutalowa kale mabasi, cha m'ma 1955, masewero a Olympics a 1956 ali pafupi. Njanji zambiri amaziika m'konkire, ndiye wofuna kuzizula amayamba wawerengera kaye ndalama. Zinathandizanso kuti misewu ya pakati pa mzindawu ndi yotakata ndi yowongoka, komanso matiramu a mtundu wa W, amene anayamba kupangidwa mu 1923 n'kupitirira 700, anali akadali olimba. Ochepa a iwo mukawapeza pa nambala 35, City Circle, yozungulira tawuni mwaulere. Mukamukweze mwanayo tsiku lina.

Lero njanji zake ndi pafupifupi makilomita 250, ndipo palibe mzinda wina pa dziko lapansi umene ukuposa pamenepa. Kwa ine, amene anaseka Melbourne nthawi imeneyo ndi omwe adzawononga ndalama zankhaninkhani, chifukwa Sydney yomweyo yadzayalanso njanji mu George Street.

Achisale: Amalume Agama, mbiri mwaikamba bwino, koma mayiwa akufuna kufika ku ntchito, osati ku myuziyamu. Chilungamo chake n'chakuti tiramu ndi yochedwa. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a njanjizo ali mumsewu womwe mukuyenda magalimoto, ndiye galimoto imodzi ikaima kudikira kukhota, anthu zana amaima nayo. Ndipo Sydney Road ndiye pachimake penipeni, msewu wopanikizana, mashopu mbali zonse. Musayerekeze ndi tiramu nambala 96, imene kuchokera ku South Melbourne kupita ku St Kilda imathamanga pa njira yakeyake. Imeneyo inali njanji ya sitima mpaka 1987, monganso 109 ya ku Port Melbourne. Si tiramu iliyonse imene ili chimodzimodzi.

Anabanda: Achisale, za kuchedwa sindikukana, koma onani nthawi imene akunena. 6 koloko m'mawa Sydney Road imakhala mbee, ndipo tiramu ikangolowa mu Royal Parade msewu ndi wotakasuka. Kuchoka ku Brunswick kufika ku Parkville ndi pafupi, tsiku lina akhoza kuyenda ndi njinga. Kuchedwa kumene mukunenako ndi kwa madzulo ndi Loweruka masana. Komanso sitima ya Upfield imayenda moyandikana ndi msewu womwewo, ndiye tiramu ikavuta pali pothawira. Ku Werribee galimoto ikakana kulira m'mawa, kapena pa msewu waukulu wa West Gate pakachitika ngozi, ndiye basi kwatha.

Chimene ndingawachenjeze ndi Lamulungu m'mawa, chifukwa matiramu ambiri amayamba mochedwerapo. Mukapatsidwa shifiti ya tsiku limenelo muone ndandanda usiku wake. Koma Lachisanu ndi Loweruka 19 ili m'gulu la zoyenda usiku wonse, pamodzi ndi 67, 75, 86, 96 ndi 109.

Agama: Ndionjezeko kamodzi. Kale m'tiramu munali makondakitala ndi zikwama zawo zachikopa, ndipo mlendo ngati inu akanakuuzani zonsezi muli m'katimo. Boma litafuna kuwachotsa, mu January 1990 ogwira ntchito anaimika matiramu m'misewu ya m'tawuni kupitirira mwezi wathunthu. Anadzachotsedwabe mu 1998, ndipo chaka chotsatira ntchito yoyendetsa inaperekedwa ku makampani. Mpake lero munthu umangodziphunzirira wekha ndi manyazi ako.

Abanda: Chinanso achemwali, potsika pa siteji ya pakati pa msewu muziyamba mwasuzumira kumanzere, mwana ali kudzanja. Alipo ena oyendetsa ngati mmene munachitira dzana muja. Ndipo musadutse kutsogolo kwa tiramu poganiza kuti iima ngati galimoto. Zikwangwani zochenjeza zija zimati kulemera kwake n'kofanana ndi zipembere 30, ndipo singakhote kukuzembani.

Anaphiri: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Abanda, chidzudzulo chanu ndachilandira. Ndawawerengera bambo zonsezi, akuti nyumba ya ku Brunswick ilibe poimika galimoto, ine ndati galimoto yake iti. Tagwirizana kuti Lolemba ndidzuke 5 koloko, ndikakwere 19 pa siteji ya pafupi ndi nyumbayo, ndiwerenge mphindi mpaka pa geti la chipatala, ndipo Lachiwiri tikayese kuchokera ku Werribee. Kafunso kena Anabanda: ngolo ya mwana ija imalowa bwanji? Tiramu imene ndinakwera dzulo inali ndi masitepe atatu otalika.

Anabanda: Mwakumana ndi zakale zija. Zatsopano n'zotsika pansi, mumangokankha n'kulowa. Pa foni ikani tramTRACKER, imaonetsa ngati ikubwerayo ndi yotsika. Ikakhala ya masitepe pindani ngoloyo, kapena imani pa khomo mwayang'ana anthu, wina amanyamula mbali inayo.