Atenga mawu ndi chithunzi changa cha buledi, koma njira yophikirayo sindinayambitse ndine. Nditani?

Moni nonse, zikomo a admin povomereza positiyi. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mumalemba za maphikidwe.

Ndili ndi katsamba pa Facebook, ndipo positi yomwe anthu amaikonda kwambiri ndi ya buledi wosakanda uja: ufa wa tirigu makapu 3, yisiti kota ya supuni yaing'ono, mchere ndi madzi, kuvundula pang'ono, kusiya maola 12 mpaka 18, kenako kuwotcha mumphika wachitsulo wovundikira womwe watentha kale mu uvuni. Njirayi ndi ya Jim Lahey wa Sullivan Street Bakery, ndipo inatchuka mu 2006 Mark Bittman atailemba mu New York Times. Maina onsewa ndinawatchula pansi pa positiyo.

Changa n'chakuti ndinasakanizako ufa wosapuntha, n'kuwonjezera madzi poti ufa umenewu umamwa kwambiri. Ndinafotokozanso m'mawu anga momwe ungadziwire kuti mtanda wafika: osadalira wotchi, kuyang'ana tinthovu pamwamba, chifukwa kukatentha umafufuma msanga. Chithunzi ndinajambula ndekha.

Tsopano tsamba lina lalikulu lakopera zonse, liwu ndi liwu. Chithunzi achidula pomwe panali dzina langa, dzina la Lahey alichotsa, n'kulemba kuti ndi chinsinsi cha agogo awo. Agogo amenewo ndiye ankawerenga nyuzipepala ya ku New York!

Mnzanga akuti ndingokhala chete poti nanenso ndinatenga kwa wina. Zoona? Ndiwalembere, ndiwanenere kwa Facebook, kapena ndizisiye?

Yankho: Achemwali, mnzanuyo wasakaniza zinthu ziwiri. Ofesi yoona za copyright (lamulo loteteza umwini wa zolemba ndi zojambula) ku America imanena poyera kuti mndandanda wa zofunika pophika sutetezedwa ndi lamuloli, ndipo mu 1996 khoti la apilo kumeneko linagamula chimodzimodzi pa mlandu wa Publications International ndi Meredith, wokhudza maphikidwe a yogati. Ufa, madzi ndi yisiti palibe mwini wake. Koma kafotokozedwe kanu ndi chithunzi chanu ndi ntchito yanu. Inu munaphika, munalemba mwanu, munatchula komwe munaphunzira. Iwo anangokopera n'kufufuta maina. Malamulo amasiyanako dziko ndi dziko, koma chithunzi chimakhala cha wojambula pafupifupi kulikonse.

Yankho: Ine nditsutseko pang'ono. Nkhani ya "choyamba ndi changa" kukhitchini siipita patali. Pasta yowotcha ndi tchizi cha feta inasefukira pa TikTok mu 2021, koma Jenni Häyrinen wa ku Finland anali ataitchukitsa kwawo kale mu 2019, ndipo ambiri amene anaiphika pa kanema sanamutchule. Mukamathamangitsa aliyense mutopa. Lembani zina, otsatira anu akudziwani.

Yankho: Pepani akulu, chitsanzo chanucho chikuthandiza mwini positi. Amene aja ankaphika okha n'kujambula okha, vuto linali kusatchula dzina. Apa munthu sanakhudze ndi ufa womwe. Ndipo chomwe chikundinyansa kwambiri ine ndi bodza la agogolo. Wowerenga akaona chithunzi amakhulupirira kuti wolembayo anayesa ndipo zinatheka. Wina buledi akamata mkati n'kufunsa chifukwa, amuyankha chiyani munthu amene sanayatsepo uvuni? Ena amati ukasintha zinthu zitatu ndiye kuti kaphikidweko kasanduka kako. Limenelo si lamulo, ndi chizolowezi chabe cha olemba, ndipo olemba aulemu amalembabe kuti "ndasintha kuchokera kwa uje" ngakhale atasintha zisanu.

Yankho: Mayi, musanachite chilichonse jambulani sikirini ya mapositi onse awiri, masiku ake azioneka, ndipo sungani chithunzi chosadulacho. Kenako alembereni ku inbox mwaulemu, munene chomwe mukufuna: achotse, kapena abwezere dzina lanu ndi linki. Nthawi zina woyendetsa tsamba amangotola kwa winanso amene anaba kale. Akakana, Facebook ili ndi fomu ya copyright, koma dziwani kuti dzina ndi imelo zomwe mulembepo amazionetsa kwa munthu amene mwamunenerayo. Pa fomupo mutchule chithunzi ndi mawu, osati kaphikidwe. Za kuwalalatira m'makomenti zisiyeni, zimangokweza positi yawo.

Mwini positi: Zikomo nonse, sikirini ndajambula ndipo ndiwalembera madzulo ano. Kafunso kena: akavomera kubwezera dzina langa koma n'kusiya nkhani ya agogo ija, osamutchula Lahey, ndivomere? Chifukwa pamenepo dzina langa likhala pansi pa bodza lawo.