Mayi anga awapeza ndi ng'ala, koma akuopa opaleshoni

Moni nonse a pagulu pano. Ndikulemba kuchokera ku Luchenza, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munadwazikapo munthu wa ng'ala. Mayi anga, a zaka 72, atha chaka chathunthu akudandaula kuti akuona ngati kwachita nkhungu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, kufikira tsiku limene ndinawapeza akusankha nandolo palichero mofufuza ndi zala, timiyala tikupitira limodzi mumphika. Kuchipatala anati ng'ala ili m'maso onse awiri, ndipo atilembera kalata yopita ku Lions, chipatala cha maso cha ku Queens mu Blantyre.

Tsono mayi akukana, chifukwa anzawo a kumpingo anawauza kuti madokotala amakolowola diso, n'kulitsuka, kenako n'kulibwezeretsa. Kodi zimenezi n'zoona? Komanso iwo amadwala matenda a shuga, amakhala okha ndipo amaphika pamafuwa. Kodi akatuluka angabwerere kwawo, kapena ndiwatenge?

Yankho loyamba: Achemwali, muwalimbitse mtima mayi, chifukwa diso salichotsa ayi. Bambo anga anawapala ng'ala chaka chatha. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pafupi ndi diso munthu ali maso, n'kucheka pang'ono kuti achotse kagalasi ka m'diso kamene kachita mbuu, kenako amaikamo kena kochita kupanga, kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Ola silinakwane n'komwe. Atawamasula bandeji m'mawa mwake, chinthu choyamba chimene bambo ananena n'chakuti malaya anga anali osachapa.

Yankho lachiwiri: Nkhani ya shuga musaipeputse. Shuga kapena BP ikakhala yokwera amayamba aimitsa opaleshoni, choncho apitirize kumwa mankhwala awo, ndipo munyamule buku lawo lakuchipatala. Mufunsenso ngati shugayo sinawononge mkati mwa diso, chifukwa ikatero munthu saona bwino kwenikweni ngakhale ng'ala itachoka. Kawirikawiri amayamba diso limodzi, linalo pambuyo pake. Muwatenge ndithu kwa mwezi umodzi, kuti pakhale wowadontheza mankhwala m'diso pa nthawi yake, komanso atalikirane ndi utsi, fumbi, kusenza ndowa ndi kutikita diso. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kutuluka mafinya kapena kuchitanso mdima, mubwerere nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo wina asayerekeze kuthiramo mankhwala azitsamba.