Kosi ya CT ya $300: ndilipire kapena ndisiye?

Nabanda (Nkhotakota): Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni maganizo. Ndaona kosi yapamwamba ya pa intaneti ya CT (makina ojambula m'kati mwa thupi m'magawomagawo), akuti $300 pamodzi ndi satifiketi. Pa mtengo wa kubanki ndi ndalama yopitirira K500,000. Mitu yake ndi njira zatsopano zojambulira monga dual-energy, photon-counting, CT ya mitsempha ya mtima ndi zina zotero. Ine kuno kuboma ndimajambula X-ray ndi kuthandizira ultrasound, CT ndinangoiona pang'ono tili ku koleji ku Lilongwe. Mwezi uno wolandira chipereganyu ndi ine. Ndiponye kumeneku kapena ndisiye?

aMwale (Salima): Achemwali, kosiyo anakonzera ndani? Mitu mwatchulayo ikumveka ya madokotala owerenga zithunzi, ma radiologist, osati ojambula.

Nabanda: Alemba kuti ndi ya ma radiologist, koma ojambula nawonso akhoza kulembetsa.

aMwale: Ndiye kuti ndalama yanu sangaikane, basi. Kumeneko n'kugula ukonde wa chilimira ulibe ndi bwato lomwe. CT yake mukagwirira kuti? Kuno ku Salima kulibe, kwanuko kulibe.

aZimba (Dwangwa): Ine ndikuti lipirani, achemwali. A Mwale amaona za lero zokha. Tonse tinaona mmene filimu ndi chipinda chamdima zinathera, makina a digito atabwera amene anali atazolowera kale kompyuta ndi amene anapita patsogolo. Mwayi wa ntchito ukatuluka kuchipatala chachikulu kapena kwa a pulaiveti ku Lilongwe, amayang'ana mapepala. Iwe ukamanena kuti ndili ndi chidwi, mnzako akutulutsa satifiketi. Komanso munthu sumaphunzira chifukwa choti makina ali pakhomo. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, anayamba kuganizira masamu a CT ali ku Cape Town, n'kuwasindikiza mu 1963 ndi 1964 makina ake kulibe. Wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971 ku London pa makina a Godfrey Hounsfield, ndipo mu 1979 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel.

aMwale: Cormack sanalipire ndi ndalama ya chipereganyu, achimwene.

aZimba: Haha, a Mwale inu. Koma mfundo yanga mwaimva.

aPhiri (Lilongwe): Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Mwana wa kwathu, ine ndimakhala pa CT tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni zimene zimadzaza tsiku langa. Mitu ya anthu. Wagwa pa kabaza, wamenyedwa, wachita sitiroko. Kenako mimba za anthu oganiziridwa khansa, kenako zifuwa. Pa zonsezi sindinasowepo photon-counting. Makina oyamba a mtundu umenewo, Naeotom Alpha a Siemens, analoledwa ku America mu 2021, ndipo zipatala zambiri za ku Ulaya komweko zilibe. Dual-energy ndi nzeru yabwino, sindikukana: amajambula ndi mphamvu ziwiri, mwachitsanzo 80 kV ndi 140 kV, ndipo poyerekeza ziwirizo umatha kusiyanitsa mwala wa mu impso wa uric acid ndi wa calcium, kapena kuona kumene ayodini wa m'mankhwala obaya wodwala wafika. Koma pamafunika makina opangidwira zimenezo. CT ya mitsempha ya mtima nayo imafuna makina othamanga, a 64-slice kapena kuposa, olumikizidwa ndi ECG (choyezera kagundidwe ka mtima), ndipo mtima wa wodwala uzigunda pafupi ndi 60 pa mphindi, mwina mpaka kumupatsa mankhwala oubweza. Mudzamvetsera zonsezo pa foni, mudzakhoza mayeso awo, pakatha miyezi itatu zonse zauluka chifukwa manja sanagwirepo.

Zimene ndimafuna kwa munthu wobwera kudzagwira nane ntchito ndi zina. Adziwe kugoneka wodwala pakati penipeni pa makina, chifukwa akatsika kapena kukwera, makina amayesa molakwika kukula kwa thupi, n'kumupatsa radiation yosayenera. Adziwe manambala a Hounsfield, oyezera kulimba kwa chinthu pa chithunzi cha CT: madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mafuta a m'thupi pafupi ndi -100, magazi ongoundana kumene pakati pa 50 ndi 70, fupa mazana angapo mpaka kupitirira 1000. Adziwe kusintha window, kutanthauza kuwala ndi kuda kwa chithunzi pa kompyuta. Chithunzi chimodzimodzi cha mutu, ukachiika pa width 80 level 40 ubongo umaoneka bwino, magazi atsopano akuyera mbee pambali pake. Ukachitembenuza ku window ya mafupa ubongo umangosanduka wotuwa, koma mng'alu wa chigaza umene sumaoneka uja umatulukira poyera. Ophunzira ambiri amatumiza window imodzi yokha n'kumati palibe chimene chathyoka. Kosi ya ma radiologist singakuphunzitseni zimenezi, imatenga kuti munazidziwa kalekale.

Nabanda: Zikomo bambo. Ndiye mukuti CT ndingoiiwala?

aPhiri: Ayi, sindinatero. Ndikuti yambani pa khomo loyenera.

Nachisale (Nkhotakota): Ndilankhuleko ngati namwino amene ndimaperekeza odwala pa ambulansi. Kuchoka kuno kudzera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200. Ukafika kumeneko ndi wodwala wofunika CT ya contrast (mankhwala obaya kuti ziwalo zioneke bwino), funso loyamba ndi lakuti creatinine, zotsatira za magazi zoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ali kuti. Ngati simunayeze, dikirani. Lachiwiri amayang'ana pa mkono: kanula wabuluu uja sakwanira, amafuna wapinki kapena wobiriwira chifukwa mankhwalawo amalowa mothamanga. Kenako, kodi amamwa metformin (mankhwala a shuga), kodi anayamba wadwalapo atabayidwa contrast, kodi ngati ndi mayi ali ndi pakati. Zonsezi zikanakonzedwa kuno, wodwala sakanagona pa benchi. Ine ndikanakonda pakanakhala munthu mmodzi ku X-ray kwathu wodziwa zimenezi bwinobwino, woti tizimufunsa tisananyamuke. Izi ndiye za CT zimene zingagwire ntchito kuno mawa lomwe.

aMwale: Achemwali a Nachisale anena zoona. Ndionjezere za ovulala mutu pa msewu wa M5. Munthu wagwa pa njinga yamoto alibe chipewa, wakomoka pang'ono, wadzuka, akucheza bwinobwino ndi abale ake. Patapita maola angapo wayamba kusanza, kuodzera, diso limodzi mwanadiso wakula. Magazi akusonkhana pakati pa chigaza ndi chikuto cha ubongo. X-ray ya mutu ikhoza kuoneka yabwino pa munthu ameneyo, ndipo abale amasangalala kuti ajambula apeza palibe kanthu. Wojambula wodziwa malire a X-ray amauza clinical officer kuti chithunzi ichi chisakunamizeni, uyu ndi wa CT. Nzeru imeneyo si ya $300.

aZimba: Zonsezo ndi zoona, koma mukumukonzera Nabanda kuti azikhala ku Nkhotakota mpaka kupuma ntchito, ntchito yake ikhale yotumiza odwala kwa ena. Nanga iye akufuna kukwera. Ndiponso mapointi a CPD (maphunziro opitiriza uli pa ntchito) amafunika pokonzanso laisensi chaka ndi chaka. Kosiyo ikhoza kumupatsa onse nthawi imodzi.

aPhiri: Pamenepo ndi pofunika kusamala. Mapointi amene kosi ya kunja yalemba pa tsamba lake ndi a mabungwe a kwawo. Funsani kaye ku Medical Council of Malawi ngati angawawerengere, ndipo yankholo mulisunge lolembedwa. Musalipire kaye n'kumafunsa pambuyo. Chinanso, a Zimba, ine ndakhalapo pofunsa anthu ntchito. Satifiketi ya pa intaneti timaiona, koma funso lotsatira limakhala lakuti, mwana wa zaka zisanu wabwera kudzajambulitsa mutu, musintha chiyani pa makina? Woti anakhalapo pa makina amayankha nthawi yomweyo za kutsitsa kV ndi mAs (mphamvu ndi kuchuluka kwa X-ray) ndi kuchepetsa dera lojambula. Woti anangoonera mavidiyo amayamba kufotokoza dual-energy.

Nabanda: Za radiation zija kosiyo ili ndi phunziro limodzi lokha.

aPhiri: Pomwe ndi nkhani yaikulu. X-ray ya chifuwa ndi pafupifupi 0.1 mSv (muyeso wa radiation imene thupi lalandira), CT ya chifuwa ndi pafupifupi 7 mSv. Ndiye wodwala mmodzi pa CT walandira zimene inu mumapereka kwa anthu pafupifupi 70. Ya mutu ndi pafupifupi 2 mSv. Ndi chifukwa chake kuli AERA, bungwe loyang'anira za radiation m'Malawi, limene linabwera ndi lamulo la Atomic Energy la 2011, ndipo ndi chifukwa chake timavala mabaji oyeza radiation aja. Maphunziro a chitetezo chotere a IAEA, bungwe la dziko lonse loona za mphamvu ya atomiki, ali pa intaneti ulere.

Nachisale: Nanga madolawo muwapeza kuti, achemwali? Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholipira kunja chimawawa. Mufunse kubanki ngati khadi lanu lingadutse ndalama yonseyo kamodzi. Mukakagula madola pa msika wa mseri, K500,000 ija siikwananso. Mwawerengeranso mabandulo? Mavidiyo a zithunzi za CT amafuna kuonera pa mlingo wapamwamba, ukatsitsa kuti usunge data zotuwa zonse zimafanana. Pa foni yaing'ono ndiye musavutike n'komwe.

Nabanda: Laputopu ndili nayo, koma za mabandulo sindinawerengere.

aMwale: Tsegulani Radiopaedia, tsamba la pa intaneti la zithunzi za odwala, usiku uno, ndi yaulere. Lembani extradural haematoma (magazi osonkhana pansi pa chigaza aja), muone zitsanzo khumi, muziyendetsa zithunzi nokha kuchoka pansi pa chigaza kukwera m'mwamba. Mawa subdural (magazi pansi pa chikuto cha ubongo). Mkuja sitiroko. Mukatha mwezi mukuchita zimenezo osatopa, ndiye kuti CT mumaikondadi, ndipo ndalamayo mudzadziwa poiika. Ndipo kuno kunyanja musapeputse ultrasound. Likodzo, chiwindi, TB ya m'mimba mwa odwala HIV, madzi m'mimba pa ngozi, zonsezo chida cha ultrasound chili m'manja mwanu kale. Ndikanakhala ine ndalamayo ndikanaiika kumeneko.

aZimba: Apo tsopano mwasintha nkhani. Munthu wafunsa za CT.

aPhiri: A Zimba akunena zoona, tisamuchotse pa chimene akufuna. Nabanda, lembani kalata kudzera kwa mabwana anu a kuboma yopempha kuti mukakhale pa CT kuchipatala chachikulu kwa milungu ingapo. Ndalama ya chipereganyuyo ikhale ya thiransipoti, malo ogona ndi chakudya. Mukhale ndi kabuku kolembamo wodwala aliyense amene mwathandizira kujambula, mutu, chifuwa, mimba, wa contrast ndi wopanda contrast, wamkulu wa dipatimenti azisainira. Mukabwerako, ngati mukufunabe kosi, mufunefune ya ojambula, yoyambira pansi, osati ya ma radiologist.

Nabanda: Vuto ndi lakuti ku X-ray tilipo awiri okha, ndikachoka mnzanga atsala yekha usana ndi usiku. Ndikambirana naye, mwina ndigwiritse ntchito tchuthi changa. Ku Medical Council ndilembera Lolemba. Bambo Phiri, ndingakutumizireni kalatayo muione ndisanapereke?

aPhiri: Tumizani. Muikemo masiku enieni ndi zimene mukufuna kuphunzira, kalata yongoti ndikufuna kuphunzira CT imakhalitsa pa tebulo.

aZimba: Ine linkiyo nditumizirenibe ku inbox, achemwali. Ndiwafunse ngati ali ndi mtengo wotsikirapo wa anthu a mayiko ngati athu, mabungwe ena amachita zimenezo. Akatsitsa kufika pa $100, ine ndilowa.