"Mawu a akulu akoma akagonera": akugonera ndani apa?

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa Chichewa ku Fomu 3, ndipo dzulo mwana wina wandiimitsa mutu. Ndinawapatsa mwambi uwu kuti aumasulire. Ambiri analemba zimene tonse timadziwa, kuti malangizo umawamvetsa pakapita nthawi, zitakuonekera. Koma mtsikana wina analemba kuti mawu a akulu amakoma eni akewo akamwalira. Ndinatsala pang'ono kumuthetha ndi cholembera chofiira, kenako ndinaima kaye.

Taonani: "mawu" ali m'gulu la Li-Ma, "akulu" ali m'gulu la Mu-A, koma onse awiri mgwirizanitsi wawo pa mneni ndi "a-". Ndiye mu "akagonera", wogonera angakhale mawuwo, angakhalenso akuluwo. Galamala yokha sikutithandiza. Tinayesa pabolodi kuika "uphungu" m'malo mwa "mawu". Kunatuluka ziganizo ziwiri: "uphungu wa akulu ukoma ukagonera" ndi "uphungu wa akulu ukoma akagonera". Ana anaona okha kuti kalemba kamodzi kasintha nkhani yonse. Koma makolo ankatanthauza chiti?

Yankho loyamba: Aphunzitsi, yankho lili m'khitchini. Kugona ndi kugonera ndi zosiyana. Munthu amagona, chakudya chimagonera. Nyemba zogonera, zotenthetsa m'mawa msuzi utalowerera, ndani sazidziwa? Mwambiwu ukuyerekeza mawu ndi ndiwo za mumphika. Akanafuna kunena za imfa akanati "akagona" kapena "akatsikira kulichete".

Yankho lachiwiri: Koma si zonse zogonera zimakoma ayi. Mkute ana amaukana, thobwa logonera limayamba kuwawasa. Komanso musaiwale kuti timati "tagonera mbatata", kutanthauza kuti ndiye chinali chakudya chathu chausiku. Mneniyu ali ndi nkhope zingapo. Kwathu agogo ankaunena mwambiwu pamaliro, akukumbukira zimene malemu ankanena. Mwanayo mwina anaumvera kumeneko.

Zikomo nonse. Za nyembazo zandigwira mtima, chifukwa "akoma" ndi mawu a pakamwa, a chakudya, ndipo akugwirizana ndi "akagonera". Mtsikanayu ndamuuza kuti pa mayeso a MSCE alembe tanthauzo lodziwikalo, koma malikisi ake sindinamulande. Lolemba ndiwatuma ana onse akafunse agogo awo kuti mwambiwu amaunena pa nthawi yotani. Alipo wa ku Chipata kapena ku Tete pano atiuze mmene amaunenera kumeneko?