Corolla ikutentha ndikaima pamzere, koma ikamathamanga ili bwinobwino

WakuBembeke:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Corolla ya 2004, injini 1NZ. Sabata yatha ndimachokera ku Ntcheu masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Kufika pa Lizulu ndinapeza mzere: lole ikukweza matumba a kachewere theka ili mumsewu, minibasi zikuitanira, anyamata a kabichi ali pawindo. Tinkangosuntha pang'ono n'kuima, kusuntha n'kuima. Pasanathe mphindi 15, kamuvi ka geji kanali katayandikira pofiira. Nditangodutsa msika n'kuponda moto, kanatsika kokha mpaka pakati. Dzulo zachitikanso pa rodibuloko. Madzi sakuchepa, pansi sipakudontha. Makanika wina akuti achotse thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta), ati ku Malawi kuno n'kotentha, ilibe ntchito. Ndimulole?

Sipanala12:
Achimwene, thermostat isiyeni. Galimotoyo yakuuzani kale pomwe pakuwawa. Ikamathamanga mphepo imalowa yokha kutsogolo n'kuziziritsa rediyeta, ikaima ntchito yonseyo imatsalira fani yamagetsi. Ndiye woyamba kumufunsa mafunso ndi fani.

Lizani injini, yatsani AC, tsegulani boneti. Fani iyenera kuzungulira. Ikakhala zii, zimitsani muone fyuzi m'kabokosi kakuda ka pafupi ndi batire. Fyuzi ikakhala yamoyo, zulani relay (kaswichi kamagetsi) ya fani muikepo ina yofanana nayo nambala. Zikakanikabe, gogodani pang'ono mota ya faniyo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, zala zili kutali. Ikadzambatuka n'kuyamba kuzungulira, dziwani kuti mabulashi a m'kati atha.

Za thermostat zija zimandipsetsa mtima. Imatseguka madzi akafika cha m'ma 82 digiri, ndipo ikanakhala kuti yakakamira yotseka, galimoto ikanawira kwambiri pamtunda mukuthamanga, osati pamzere pokha. Mukaichotsa, mu Juni kuzizira kwa ku Dedza kuja injini izingoyenda yozizira, ikumwa petulo ngati thobwa. Mafuta ake omwe tikugonera pamzerewa?

NaPhiri_Mlangeni:
Bambo, onaninso chivindikiro cha rediyeta. Changa labala yake inali itang'ambika, kuoneka ngati kanthu kachabe. Ndinauzidwa kuti ku Dedza tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, ndiye madzi osatsekeredwa amawira asanafike 100, cha pa 95. Chivindikiro chabwino, cholembedwa 1.1 chija, chimapanikiza madzi kuti asawire msanga. Ndipo mumathiramo chiyani? Ine ndinkathira a pamjigo, tsiku lotsuka munatuluka zofiira ngati madzi a m'dambo mvula yoyamba. Pano ndi coolant basi, madzi apadera a rediyeta aja.

Chonde musatsegule chivindikirocho injini ili yotentha. Mlamu wanga anachita zimenezo potsika ku Golomoti, mkono uli ndi chipsera mpaka lero. Kamuvi kakakwera muli pamzere, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto, tsitsani magalasi. Mutuluka thukuta koma imakoka kutentha kwina kuchoka mu injini.

Mjomba_Tsangano:
Imeneyo ndi gasiketi ya hedi ya injini basi, yambani kusunga ndalama.

Sipanala12:
Mjomba musamuopseze munthu. Ya gasiketi imadya madzi, imatulutsa utsi woyera kumbuyo ngakhale itatentha kale, m'rediyeta mumabwera thovu, nthawi zina oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Iwowa anena kuti madzi sakuchepa. Koma akapitiriza kuifikitsa pofiira, pamenepo ndiye mawu anuwo apherezera.

WakuBembeke:
Zikomo nonse. Ndayesa m'mawa uno. AC ndayatsa, fani osagwedezeka n'komwe. Fyuzi ili bwino, relay ndasinthanitsa, palibe chasintha. Nditagogoda mota yazungulira mwaulesi kenako n'kuimanso. Ndaimbira mnzanga ku Lilongwe andifunire ina, ibwera pa minibasi mawa. Mayi NaPhiri, mwandigwira: ndakhala ndikuthira a pamjigo wa kuseri kwa sukulu chigulireni galimotoyi. A Sipanala, potsuka rediyeta ndiyenera kuimasula yonse, kapena kungotsegula kapulagi kapansi kaja?